Wodwala anagona kuti, ndipo pambali pake panali ndani?

Mtima wanga wakhala m'malo tsopano pa phunziro la mbiri ya chisamaliro cha odwala matenda a maganizo, limene kwa nthawi yaitali ndinkaliona ngati mulu wa mayina ndi zaka zoloweza pokonzekera mayeso. Chimene chanditsegula mutu ndi kuyika zaka ziwiri pafupi. Maunyolo anachotsedwa pa odwala a ku chipatala cha Bicêtre, pafupi ndi mzinda wa Paris, mu 1797, ndipo anawachotsa ndi Jean-Baptiste Pussin, woyang'anira odwala amene anagwirapo ntchito ndi dokotala Philippe Pinel. Pussin nayenso anagonapo m'chipatalacho atadwala. Koma mankhwala otchedwa chlorpromazine, amene tonsefe timawadziwa, anayamba kuperekedwa kwa odwala misala mu 1952. Ndiye kuti anthu ena anayamba kusiya kumanga anzawo zaka zoposa 150 mankhwalawa asanabwere. Sanadikire jakisoni, anasintha malo ogona a wodwala ndi anthu omuyandikira.

Kuyambira pamenepo, nyengo iliyonse imene ndikuwerenga ndimaifunsa funso limodzi: usiku umene munthu wazunguzika kwambiri, anagona kuti, ndipo pambali pake panali ndani? Ndinakhoma pepala lalitali pakhoma, zaka kumanzere, yankho kumanja, ndipo ndikukhulupirira kuti palibe njira ina yophunzirira mbiri imeneyi yoposa iyi. Mnzanga wina akuti funsoli likusiya kunja nkhani za ndalama ndi malamulo, koma ine ndikuona kuti zonsezo zimadzera pakhomo lomweli.

Amene wandikhudza kwambiri ndi Thomas Adeoye Lambo, dokotala wa matenda a maganizo wa ku Nigeria. Mu 1954, ku Aro pafupi ndi Abeokuta, iye anapempha midzi yoyandikana ndi chipatala kuti izisunga odwala, aliyense akhale ndi wachibale wake womuphikira ndi kumuchapira, masana azipita kukalandira chithandizo, madzulo azibwerera kumudzi. Ankagwiranso ntchito ndi asing'anga m'malo mowathamangitsa. Ku Trieste, ntchito ya dokotala Franco Basaglia inabala lamulo la 180 la dziko la Italy mu 1978, lotseka zipatala zotsekeramo odwala misala, ndipo m'malo mwa chipatala chachikulu chotsekera anthu munabwera timalo tating'ono ta m'madera, totseguka usana ndi usiku, tokhala ndi mabedi ochepa. Yankho la funso langa ndi limodzimodzi: pafupi ndi kwawo, pakati pa anthu omudziwa dzina.

Izi ndi zimene zandipatsa chiyembekezo cha kuno kwathu ku Mozambique. Kuchokera ku Ulongué kukafika ku chipatala cha odwala matenda a maganizo cha Infulene ku Maputo ndi mtunda woposa makilomita 1,500, ndipo palibe banja la ku Tsangano kapena ku Macanga limene lingawerengere ulendo wotero pakati pa usiku. Ndinaona ndi maso anga mnyamata atamangidwa ndi chingwe pamtengo wa kuseri kwa nyumba, m'mikono mutatupa, mayi ake atagwada pambali akumudyetsa phala ndi supuni uku akumutchula dzina la ubwana. Amene anamumanga sanali ankhanza. Anali anthu otopa amene analibe wowathandiza. Theka la zimene Lambo ankafuna linalipo kale pamenepo, chifukwa mayiwo sanachoke. Chimene chinasowa ndi munthu wophunzira woti afike panjinga yamoto usiku womwewo, nyakwawa yodziwa woimbira foni, ndi bedi limodzi pa chipatala cha m'dera.

Chimene chimandiwawa ndi chakuti aphunzitsi athu anathamanga ndi mbiri yonseyi ngati chinthu chongodutsa, n'kuthera nthawi yambiri pa milingo ya mankhwala. Milingoyo ndi yofunika, sindikukana, koma wophunzira amene sanamve za Aro adzaganiza kuti mankhwala akatha m'kabati ndiye kuti ntchito yake yatha. Nthawi nayonso ndi yochepa, ndipo timaphunzira m'Chipwitikizi pamene wodwala adzatilirira m'Chichewa kapena m'Chinyungwe.

Pali chimene chikundisowetsabe mtendere. Njira ya Lambo imatsamira pa wachibale, amene kawirikawiri amakhala mayi kapena mlongo, ndipo nyengo yobzala mbatata ndi chimanga ikafika, munthu yemweyo ndiye wofunika kumunda. Ngati tinena kuti wodwala akhale pafupi ndi kwawo koma osapereka thandizo lofika msanga, kodi sitikungobwezera chingwe m'manja mwa banja? Ndikufuna kuti funso langa likhale lokwanira, koma pamenepa sindinafikebe poti ndinganene motsimikiza.