Tinautsata mtsinje wa Lilongwe kuchokera ku Dzalanyama mpaka m'tauni

Loweruka lapitali ife a komiti ya zaukhondo m'dera lathu ku Chinsapo tinasonkherana ndalama, n'kuchita hayala minibasi kuti tikaone kumene madzi a pampopi pathu amachokera. Tinalipo anthu 16. Tinanyamuka kusanache, chifukwa msewu wa ku Dzalanyama ndi wafumbi ndipo galimoto imayenda mwakachetechete ngati ikuopa kuthyoka.

Nkhalango tisanaifike n'komwe, tinayamba kukumana ndi njinga zolowera kutauni. Iliyonse inali itasenza matumba a makala atatu kapena anayi, osanjikizana mpaka mwini wake osaoneka, akukankha thukuta lili kamukamu. Ndinawerenga mpaka 40, ndinatopa.

Boma linaiteteza nkhalango ya Dzalanyama mu 1922, ndipo ndi m'mapiri amenewa momwe mtsinje wa Lilongwe umayambira. Bambo amene anatiperekeza anatilowetsa pamalo pena pamene pangotsala zitsa zokhazokha. Pakati pake panali uvuni wofukulidwa kale, dothi lake lakuda bii, likununkhabe utsi. Ndinagwira chitsa cha msuku chimene manja anga awiri sakanachizungulira, chodulidwa m'mawondo. Bambowo anatifotokozera kuti mitengo ikakhalapo, mvula imalowa pansi n'kumatuluka pang'onopang'ono mpaka m'chilimwe. Mitengo ikatha, madzi amangothamanga tsiku limodzi, atakokolola dothi lonse kupita nalo kumtsinje. Mu 2015 boma linafika potumiza asilikali kukalondera nkhalangoyi.

Apa mpamene amayi athu apampando anafunsa motsitsa mawu kuti, "Ndiye thumba lija ndagula Lachitatu lachokera kuno?" Palibe anayankha. Tonse 16 timaphikira pambaula. Pobwerera tinaima pamene mnyamata wina ankamata chubu cha njinga yake, ndipo amayiwo atamufunsa chifukwa chake akutha mitengo, anayankha mwaulemu kuti, "Mayi, inu kutauniko mukasiya kugula, ife tisiya kuwotcha. Ana anga adya chiyani?" Mawuwa anandipweteka chifukwa ndi oona.

Ku Malingunde tinaona madamu awiri osunga madzi a mzinda uno. Kamuzu Dam yoyamba inamangidwa mu 1966, Lilongwe asanakhale likulu la dziko, zomwe zinachitika mu 1975. Yachiwiri inabwera mu 1989. Pakalembera wa 2018 mumzinda muno munapezeka anthu 989,318, ndipo onsewo maso ali pamtsinje umodzi womwewu. N'chifukwa chake a Lilongwe Water Board anakweza khoma la damu loyamba ndi mamita 7 kuti lizisunga madzi ambiri. Ntchitoyo ndi yotamandika, koma ine maganizo anali pa dothi lija la pazitsa, poti likakokoloka likakhazikika m'damu momwemo.

Madzulo tinafika pamsika wa Tsoka. Madzi amene m'mawa ndinatunga ndi manja n'kusukusula nawo kumaso, apa sungaviikemo ngakhale chala. Titaima pa kamlatho kamitengo kaja timalipira powoloka, pansi pathu panali majumbo, mabotolo, matewera a ana ndi masamba a kabichi owola, zitakodwa pamiyala. Majumbo opyapyalawa boma linawaletsa mu 2015, khoti lalikulu la Supreme linagwirizana nazo mu 2019, komabe tomato timagulira momwemo.

Tinamalizira ku Mtandire, kumene mtsinje wa Lingadzi unasefukira mu February 2017 n'kugwetsa nyumba. Kumeneko amayi anzathu amatolera zinyalala zowola, makoko a nthochi, zotsala za ndiwo ndi gaga wowonongeka, n'kuziwunjika milu. Amaitembenuza ndi fosholo, kuthirira madzi, mpaka isanduke manyowa ogulitsa. Mayi wina anandiuza kuti ndipise dzanja m'kati mwa mulu. Munali motentha ngati mumphika.

M'minibasi pobwerera tinagwirizana kuti nafenso tiyamba kupatula zowola ndi mapulasitiki, ndipo amfumu tikawapempha malo oikapo milu. Za makala tinakangana mpaka kufika ku Chinsapo osamvana, poti gasi ambiri mwa ife sitingamukwanitse. Amayi a ku Mtandire alonjeza kubwera Loweruka la mawa kudzationetsa kaunjikidwe ka mulu woyamba, ndipo aliyense abwere ndi fosholo kapena khasu.