Zikomo kwa amene anandiuza zimene kwathu kunalibe wozidziwa

Ndamaliza maphunziro a udokotala ku Kamuzu University of Health Sciences mumzinda wa Blantyre, sukulu imene ambiri amaitchulabe College of Medicine ngakhale inaphatikizidwa ndi Kamuzu College of Nursing mu 2021. Ndisanayambe miyezi 18 ya internship, nthawi imene dokotala watsopano amagwira ntchito m'chipatala moyang'aniridwa ndi madokotala akuluakulu, ndikufuna kuthokoza poyera anthu amene anandipatsa nzeru zimene ana ena amazipeza pakhomo pa makolo awo.

Mwana wa dokotala amadziwa akadali Fomu 1 kuti popanda kukhoza bwino Masamu, Biology, Chemistry ndi Physics pa mayeso a MSCE, za udokotala aiwale. Amadziwa kulemba mafomu a NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, ofunsira malo m'mayunivesite a boma, ndipo akafika m'mawodi a ku Gulupu amapeza madokotala akuluakulu amene anaphunzira limodzi ndi bambo ake. Anzanga oterewa analimbikira ndithu, ndipo sindikuchepetsa thukuta lawo, koma ife ochokera ku CDSS yopanda labotale tinayamba ulendo tili kumbuyo kwambiri.

Ndikuthokoza aphunzitsi anga a Biology, amene anandiletsa kusiya Physics pamene anzanga ambiri ankaithawa, nandifotokozera za ngongole ya boma ya ophunzira a m'mayunivesite, imene makolo anga anali asanaimvepo. Ndikuthokozanso anamwino a pachipatala chaching'ono cha kwathu, amene panthawi imene bambo anadwala kwambiri anakhala pansi ndi amayi nawalongosolera kuti kalata yotumizira wodwala kuchipatala cha boma ndi yofunika motani, kuti buku la kuchipatala asalisiye kunyumba, komanso kuti ali ndi ufulu wofunsa dokotala dzina la matenda ndi ntchito ya mankhwala alionse. Bambo ali moyo lero. Zimandipweteka mtima kuti mabanja ambiri amene alibe wachibale wovala yunifomu yoyera amabwerera kumudzi osamva chimene chapezeka m'thupi mwa wodwala wawo, chifukwa choopa kufunsa.

Amayi, munagulitsa mtedza ndi mbuzi osadandaula. Amalume, munandisunga ku Ndirande ngati mwana wanu wobereka. Mulungu akudalitseni nonse.

Makolo amene muli ndi mwana wa Fomu 2 wofuna udokotala, unamwino kapena ntchito ya mankhwala, mundilembere asanasankhe maphunziro a Fomu 3, ndipo ndidzamufotokozera zonse zimene ndikudziwa popanda kulipira.