Ndinayamba ndi Makoma M'malo Moyamba ndi Saizi 8

Teremu ino, pa kosi ya kasungidwe ndi kayendetsedwe ka katundu imene ndimachita Loweruka lililonse, anatipatsa asayimenti yojambula pulani ya weyahausi, nyumba yosungiramo katundu, ya kampani yopikulitsa nsapato. Kampaniyo ndi yongoyerekeza, koma aphunzitsi anaiika ku Blantyre n'kutipatsa manambala ake: masitayilo 120, sitayilo iliyonse ya mitundu itatu, masaizi 8, ndipo katundu akachuluka kwambiri mumakhala mapeyala 60,000. Ine ndinaona ngati palibe chokandira mutu apa. Usiku womwewo ndinatenga rula ndi pensulo n'kuyamba kujambula makoma.

Masamu anga anayenda chonchi. Katoni imodzi imalowa mapeyala 12, ndiye mapeyala 60,000 ndi makatoni 5,000. Pa paleti, kathandala ka matabwa kosanjapo katundu, ya mamita 1.2 mulitali ndi mita imodzi mulifupi ndinasanjapo makatoni 12, zimene zinandipatsa mapaleti 417. Tinali titaphunzira kale kuti weyahausi ikadzaza kupitirira 85 peresenti ntchito imayamba kuvuta chifukwa posuntha katundu pamasowa poika, choncho ndinawonjezera malo mpaka 490. Ndinajambula mizere ya zitsulo, pakati n'kusiya njira za mamita 3.5 zodutsamo forklift, kagalimoto konyamula mapaleti. Pulaniyo inaoneka bwino kwabasi, moti ndinaijambula pafoni n'kutumizira mlongo wanga.

Aphunzitsi ataiyang'ana sananene kuti yalakwika. Anangoti, "Chabwino. Mayi wa shopu ya ku Ntcheu wabwera, akufuna mapeyala anayi a nsapato yakuda yachibambo saizi 8. Tandilozerani pamene mnyamata wanu akaitenge."

Ndinayang'ana pepala langa, chala chili m'mwamba, osapeza poloza.

Chimene ndinaiwala n'chakuti nsapato si shuga. Thumba la shuga ndi thumba la shuga, utenga lapamwamba kapena lapansi kasitomala alandira. Nsapato ayi. Yakuda saizi 8 ndi yakuda saizi 9 ndi katundu awiri osiyana, ndipo munthu wovala 8 sungamunyengerere kuti atenge 9. M'kalasi katundu aliyense wotereyu timamutcha SKU. Ukachulukitsa 120 ndi 3 ndi 8 umapeza ma SKU 2,880. Ndiye gawani mapeyala 60,000 aja ndi 2,880: SKU iliyonse ikupeza mapeyala pafupifupi 21 okha, osakwana n'komwe makatoni awiri. Ine ndinali nditakonza malo 490 a mapaleti oti asunge zinthu 2,880 zosiyanasiyana. Ndiye kuti paleti iliyonse ikanakhala ndi ma SKU asanu ndi imodzi kapena asanu ndi awiri osakanikirana, ndipo kuti mayi wa ku Ntcheu apeze mapeyala ake anayi, forklift ikanatsitsa paleti yonse, anyamata n'kuphwasula, n'kusanjanso, n'kubwezera m'mwamba. Tsiku lonse likanathera pomwepo.

Apa m'pamene ndinamvetsa mawu amene aphunzitsi akhala akubwereza chiyambire teremu, oti pulani ya weyahausi imayambira pa kaundula wa maoda. Uyenera kudziwa kaye mmene katundu amatulukira, kenako n'kuona poti azigona, makoma n'kubwera pomaliza.

Nditayambiranso ndinaona kuti nsapato zimatuluka mwa njira ziwiri. Pali makatoni amene fakitale imalongedza kale mosakaniza masaizi, mwachitsanzo peyala imodzi ya saizi 6, awiri a 7, atatu a 8, atatu a 9, awiri a 10 ndi imodzi ya 11. Katoni yotere imalowa yomata n'kutuluka yomata, ndipo ndi imene wa shopu amaoda akamayamba kugulitsa sitayilo yatsopano. Koma pakatha milungu ingapo masaizi apakati amatha, pashelefu n'kutsala 6 ndi 11 zikungoyang'ana odutsa. Aliyense amene anafunapo nsapato ku Limbe anamvapo mawu akuti "saizi yanuyo yatha, yatsala yaikulu". Wa shopu uja akabweranso safunanso katoni yonse, amafuna 8 ndi 9 basi. Wopikulitsa amene sangamupatse mapeyala oyoyola amataya kasitomala ameneyo, kapena amamukakamiza kugula masaizi amene adzamuwolere m'manja.

Choncho weyahausi yanga inagawika pawiri. Mbali ina ndi ya makatoni omata pamapaleti, ina ndi ya mashelefu otolapo peyala imodziimodzi. SKU iliyonse ndinaipatsa kachipinda ka masentimita 40 mulifupi, kolowa mabokosi asanu ndi limodzi, mashelefu osanjikiza kasanu. Zinatuluka njira zisanu ndi imodzi za mamita 20, mashelefu uku ndi uku, zodutsamo munthu ndi kangolo kokankha. Malo a mapaleti anatsika kuchoka pa 490 kufika cha m'ma 350.

Gawo limene linandikomera kwambiri ndi la kuyenda. Mabuku a phunziroli amagwirizana kuti kutola maoda kumadya pafupifupi theka la ndalama zoyendetsera weyahausi, ndipo pa nthawi ya wotolayo, pafupifupi theka imathera m'kuyenda chabe, osati kunyamula. Mankhwala ake ndi kusanja kwa ABC, kumene kunachokera pa ganizo la Vilfredo Pareto, katswiri wa zachuma wa ku Italy, loti zinthu zochepa ndi zimene zimabweretsa gawo lalikulu la zotsatira. Zothamanga, zimene ndi gulu A, uziike pafupi ndi polongedzera, zozizira, zimene ndi gulu C, kumapeto. Koma pa nsapato pali kamsampha. Maso amafuna kuti sitayilo imodzi ikhale pamodzi, kuyambira 6 mpaka 11, ngati m'sitolo. Chonsecho m'sitayilo yomweyo 8 amathamanga pamene 11 amagona. Ine ndinasankha kusunga sitayilo pamalo amodzi kuti wobwezeretsa katundu asasokonezeke, koma masaizi apakati ndinawaika pa mashelefu a pakati pa chiuno ndi phewa, akumapeto n'kupita pansi ndi pamwamba. Mnzanga wina m'gulu lathu anawamwaza masaizi malinga ndi liwiro lawo. Pamapepala njira yake imafupikitsa ulendo kuposa yanga, koma imafuna kompyuta ndi sikana zosalephera, chifukwa popanda zimenezo palibe angakumbukire kuti 11 ali kuti. Tinatsutsana mpaka pokwerera minibasi ndipo sitinagwirizane.

Komanso A wa lero si A wa mawa. Kuno sukulu zimatsegulira chaka mu September, ndiye August ndi mwezi wa nsapato zakuda zasukulu. Mvula ikamayandikira mu November jombo zimadzuka. December ndi wa nsapato zotchenera. Mashelefu apafupi ndi khomo amafunika kusinthidwa katatu kapena kanayi pachaka, ndipo ntchito imeneyo iyenera kulembedwa m'pulani, apo ayi palibe adzaichite.

Pofufuza ndinawerengako za akuluakulu a malonda amenewa. Skechers inatsegula malo ake ogawira katundu ku Moreno Valley, California, mu 2011, nyumba imodzi yokula kuposa mabwalo a mpira 20. Nike imatumiza katundu wa ku Ulaya kuchokera ku Laakdal, Belgium, kumene inayamba mu 1994. Zappos, yogulitsa nsapato pa intaneti, inaika weyahausi yake ku Shepherdsville, Kentucky, pafupi ndi Louisville pamene pali likulu la ndege za katundu za kampani yotumiza maphukusi ya UPS, ndipo inagwiritsako ntchito maloboti a Kiva, amene amanyamula shelefu yonse kupita nayo kwa wotola m'malo moti munthu ayende. Amazon inagula Kiva mu 2012 pa madola 775 miliyoni. Ndisaname, ndinatengeka, ndipo m'pulani yachiwiri ndinaikamo lamba woyendetsa makatoni. Ndinadzamuchotsa ndekha. Pa mapeyala 60,000 lambayo sangabweze ndalama zake, magetsi akathima ntchito yonse iima, ndipo kachitsulo kamodzi kakathyoka uyamba kusaka ndalama zakunja. Chimene ndinatolapo kwa Zappos si maloboti, koma funso limene malobotiwo ankayankha, la mmene ungachepetsere mapazi a wotola. Funso limenelo limayankhika ndi choko ndi tepi yoyezera.

Kumene ndinalakwitsanso kwambiri ndi polandirira katundu. Poyamba ndinangosiya kampata kakang'ono pakhomo. Koma dziko lathu lilibe doko, katundu amadzera ku Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena Durban, ndipo safika pang'onopang'ono ngati madontho. Amafika kontena yathunthu, mwinanso ziwiri tsiku limodzi zitachedwa limodzi panjira. Kontena ya mafiti 40 ya denga lokwera ili ndi malo okwana makiyubiki mita 76, ndipo pa makatoni a muyeso wathu ikhoza kubweretsa oposa 600. Nthawi zambiri nsapato amazilongedza kuyambira pansi mpaka kudenga popanda mapaleti kuti malo asawonongeke, ndiye kutsitsa kwake ndi kwa manja, katoni imodziimodzi, kuwerenga, kusiyanitsa, kenako kusanja. Zonsezi zimafuna bwalo. Ndinakulitsa malowo katatu, ndipo khomo lolandirira ndi lotumizira ndinawaika mbali imodzi ya nyumba kuti katundu aziyenda ngati chilembo cha U. Ubwino wake ndi woti bwalo limodzi limagwira ntchito ziwiri, forklift imodzi imakwanira, ndipo mlonda amaona makomo onse ali pamalo amodzi. Nsapato ndi katundu woti munthu akhoza kulowa atavala zakutha n'kutuluka atavala zatsopano.

Za chinyezi sindinaziganizireko mpaka aphunzitsi atatifunsa ngati tinaonapo nsapato yatsopano ikufumbutuka soli tsiku loyamba kuvala. Soli ya polyurethane, mtundu wina wa pulasitiki, ikakhalitsa pamalo a chinyontho ndi otentha imawonongeka yokha ngakhale isanapondepo pansi. Chikopa nacho chimachita chuku, makatoni apansi amafewa n'kuphwanyika. Ku Blantyre kuli dzinja, kulinso chiperoni cha mu June ndi July. Ndiye lamulo loti choyamba kulowa chiyambe kutuluka, limene ine ndinkaliona ngati la ogulitsa mkaka ndi mankhwala, likugwiranso ntchito pa nsapato. Ndinawonjezera mazenera a mpweya m'mwamba, ndinasiya mpata pakati pa makatoni ndi khoma, ndipo palibe katoni yogona pasimenti.

Pulani yachitatu ndapereka dzulo. Ili ndi ngodya ina yaing'ono imene m'pulani yoyamba munalibe, ya nsapato zobwezedwa: bokosi lolembedwa 8 koma m'kati muli 9, kapena lokhala ndi zamanzere ziwiri. Ndinaipatsa tebulo limodzi ndi shelefu imodzi, ndipo aphunzitsi alemba pambali ndi inki yofiira kuti, "Mu January mudzapepesa." Muyeso wa katoni umene ndagwiritsa ntchito ndi wa nsapato yachibambo, pamene jombo ndi patapata zili ndi makatoni awoawo, choncho Loweruka likubwerali tikaweruka ndikupita ku Limbe ndi tepi kukapempha wa shopu wina andilole kuyeza makatoni ake.