Ndinapita ku Lilongwe ndi nkhani ya ku Burma, ndinabwerako ndi ya ku Nacala

Minibasi inanyamuka pa Dedza 6 koloko isanakwane, koma pofika pa Linthipe kondakitala anali atatipanikiza kale anayianayi, thumba la kachewere la mayi wina litandikhala pamapazi. Ine manja onse anali pachikwama. M'menemo munali kabuku kamene agogo anga aamuna anapatsidwa potuluka usilikali, mbali ina katadyedwa ndi chiswe, komanso mendulo imodzi yomwe agogo aakazi ankaisunga m'chitini cha tiyi. Agogo anamenya nawo nkhondo ku Burma mu 1944, ali m'gulu la asilikali la atsamunda a ku Britain lotchedwa King's African Rifles. Anamwalira ndili sitandade 6, ndipo chomwe ndimakumbuka bwino n'chakuti mpunga sankaulawa. Ankati umene anadya kumeneko unakwanira moyo wonse.

Ndimaphunzitsa mbiri pa sekondale ina yoyendera, chaka chino n'chachisanu ndi chimodzi. Holide ya Ogasiti imeneyi ndinati ndikafufuze ndekha ngati munthu ngati ine, wa digiri imodzi komanso wopanda m'bale ku Capital Hill, angapeze poyambira kuti aphunzire mozama mbiri ya nkhondo.

Tsiku loyamba linapita padera. Ndinatsika mu depoti, n'kukwera kabaza kupita ku ofesi ina kuti akandidindire mapepala a sukulu. Ndinakhala pabenchi kuyambira 9 koloko mpaka nthawi ya nkhomaliro, kenaka n'kuuzidwa kuti mwini chidindo ali ku msonkhano kunyanja, abwera Lolemba. Ndinagula chimanga chootcha, n'kukakhala ku National Library ku City Centre mpaka mtima utatsika.

Madzulo ndinapita ku Area 47 kwa bambo ena amene anandiphunzitsa ku Zomba, panopa anapuma ntchito. Anandilandirira pakhonde, mayi a kunyumba n'kubweretsa tiyi ndi mbatata. Nditayala kabuku ka agogo patebulo, anakayang'ana nthawi yaitali osakakhudza.

"Ndiye aphunzitsi, funso lanu n'lotani?"

"Ndikufuna kulemba mbiri ya asilikali a ku Malawi pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, bambo."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Limenelo si funso, mwana wanga. Umenewo ndi mtolo wa nkhuni. Asilikali athu anapita ku Abyssinia (lero Ethiopia), anapita ku Madagascar mu 1942, anadutsa ku Ceylon (lero Sri Lanka), anakathera m'chigwa cha Kabaw ku Burma. Inu mukufuna kusenza zonsezo m'zaka ziwiri? Amene amapereka ndalama safuna kumva kuti mumawakonda agogo anu. Amafuna kumva chinthu chimodzi chimene sichinadziwike, kumene mukachipeze, ndi chifukwa chake muli inuyo woyenera kukachitenga."

Zinandiwawa, koma ndinatulutsa kope.

Anayamba ndi kumene kuli mapepala. Zikalata zathu zakale zili ku National Archives ku Zomba, osati ku Lilongwe, ndipo zambiri za zaka zoyambirira za atsamunda zinapsa mu 1919 pamene moto unatentha maofesi a boma ku Zomba komweko. Ndiye wofuna kudziwa za nkhondo ya pa Karonga ya pa 9 Sepitembala 1914, kapena za momwe sitima ya Angerezi ya Guendolen inaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann panyanja yathu mu Ogasiti chaka chomwecho, amapezeka akusowa tikiti ya ndege yopita ku Kew ku London, kumene makalata a bwanamkubwa wa Nyasaland amasungidwa m'gulu lotchedwa CO 525. Mbiri yathu, koma kuti uiwerenge uyambe wapempha viza. Pafupi pomwe pali thandizo ndi laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ku Blantyre.

Chomwe chinanditsegula m'maso ndi nkhani ya Melvin Page. Mzungu ameneyu, m'zaka za m'ma 1970, anayenda m'midzi ndi ophunzira a ku Chancellor College kufunsa nkhalamba zomwe zinaona nkhondo yoyamba, ija makolo ankaitcha ya chiwaya potengera mfuti yolira mosalekeza. Kuchokera m'mawu a nkhalambazo munatuluka buku la The Chiwaya War. Amtengatenga okha, amene ankasenza katundu wa nkhondo pamutu mpaka ku Tanganyika ndi ku Mozambique, anali pafupifupi 200,000, pamene anthu onse m'dziko muno anali ongoposa pang'ono 1 miliyoni. "Akanadikira zaka khumi zokha," anatero bambo aja, "akanapeza manda okhaokha. Ndipo onani, amene ankafunsa mafunso m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chitumbuka anali ana athu omwe. Luso limenelo simukalipeza ku London."

Za ndalama anandiuza mosabisa. Beit Trust imathandiza anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha, ndiye mpikisano wake si wa dziko lonse lapansi, ndipo imatumiza ophunzira ku Britain ndi ku South Africa. Commonwealth ili ndi sikolashipu ya Masters ndi ya PhD, kuphatikizapo ina yoti munthu ulembetse PhD kwanu konkuno, n'kukakhala chaka chimodzi ku yunivesite ya ku Britain. Imeneyo anaitsindika kwambiri, chifukwa chaka chimodzicho n'chokwanira kujambula mafayilo a ku Kew mpaka foni kudzaza. Sikolashipu ya boma la Britain ya Chevening imafuna kuti ukhale utagwira ntchito zaka ziwiri, koma maso ake amakhala pa utsogoleri, ndiye wa mbiri ayenera kudziwa kufotokoza phindu la ntchito yake kwa anthu a lero. Iwowo mtima wawo unali ku South Africa: ku Bloemfontein, pa University of the Free State, kuli International Studies Group komwe achinyamata ambiri a m'chigawo chino apezerako PhD ya mbiri, ndipo ku Saldanha kuli nthambi ya maphunziro a usilikali ya Stellenbosch, yomwe imatulutsa magazini ya Scientia Militaria yowerenga ulere pa intaneti. Kuno kwathu, Mzuzu University ili ndi maphunziro a zachitetezo, ngakhale kuti kumeneko mbiri imalowa ngati ndiwo chabe.

Panalinso timathumba ting'onoting'ono timene anthu amatinyoza. British Institute in Eastern Africa ya ku Nairobi imapereka kangachepe ka ulendo wa kafukufuku. Harry Frank Guggenheim Foundation imathandiza achinyamata a mu Africa amene akuchita PhD pa nkhani za nkhondo ndi ziwawa. British Library ili ndi Endangered Archives Programme, yopulumutsa mapepala amene akuwonongeka powajambula, ndipo inagwirapo kale ntchito kuno ku Malawi. Apa anakodola kabuku ka agogo ndi chibwano: "Timabuku totere tili m'masutikesi angati m'dziko muno? Chiswe sichidikira sikolashipu."

Koma tisanamizane. Mwayi umenewu uli ndi chipata, ndipo pachipatapo pamafunika ndalama zomwe palibe amakubwezera: pasipoti, mayeso a Chingerezi a IELTS, bandulo ya intaneti yodzazira mafomu usiku magetsi akabwera, thiransipoti yokasaka makalata a umboni kwa aphunzitsi amene anakuiwala kalekale. Pa malipiro a mphunzitsi, zimenezi si zamasewera. Ndiye mwana wa ku Area 10 ndi mwana wa kwa Kachindamoto sayambira pamzere umodzi, kaya fomuyo ilembe zotani. Chomwe sichifuna ndalama zambiri ndi kulemba. Bambo aja anati ndisanapemphe kalikonse ndiyambe ndatumiza nkhani yaifupi ku Society of Malawi Journal, yomwe yakhala ikutuluka kuyambira 1948, kuti podzadzaza fomu ndidzakhale ndi choloza.

M'mawa mwake, popeza chidindo chinali chikadali kunyanja, ndinapita kuchipilala chokumbukira asilikali, chija chili pakati pa Capital Hill ndi Area 18, chokhala ndi chifanizo cha Kamuzu patsogolo. Mwezi wa Novembala pamadzaza akuluakulu a boma ndi nkhata za maluwa, koma tsikuli panali zii, kamphepo kakungozunguza fumbi. Ndinayamba kuwerenga mayina. La agogo silikanapezeka, poti iwo anabwerako amoyo. Ndinkaganiza za amtengatenga aja. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomereza poyera kuti anthu osachepera 116,000, ambiri mwa iwo a mu Africa, amene anafa pa nkhondo yoyamba sanakumbukiridwe ndi mayina awo monga anachitira ndi azungu, ndipo mpaka lero likusakasaka mayinawo. Imeneyonso ndi ntchito yodikira munthu wodziwa kuwerenga kaundula wa ku mishoni ndi kucheza ndi mafumu.

"Mukusaka ndani, mayi?"

Anali bambo wachikulire, wamtali, nsapato zakale koma zopolishidwa mpaka kuwala. Anakhala pamthunzi, njinga ataitsamiritsa pambali. Nditawapatsa moni ndi kuwafotokozera za agogo, anapempha kuona mendulo. Anaitembenuza, n'kuipukuta ndi chala chachikulu, n'kundibwezera ndi manja awiri.

"Awa ndi akuluakulu athu. Awa ali ndi chipilala, ali ndi mabuku. Baraki ya ku Mzuzu ija, dzina loti Moyale linachokera komwe anzawo a agogo anuwa anamenyana ndi Ataliyana. Nanga ife a ku Nacala, alipo anatilembapo?"

Ndinakhala pansi, chitenje n'kuyala pafumbi pomwepo.

Asilikali a Malawi anatumizidwa ku Mozambique mu 1987 kukalondera njanji ya ku Nacala, nthawi imene Renamo inkamenyana ndi boma la Frelimo, ndipo njira yathu yaifupi yofikira kudoko inali itatsekeka. Izi ndimaphunzitsa m'kalasi, mzere umodzi pabolodi. Bambowa anatola kamtengo n'kujambula njanji yonse pansi: apa Liwonde, apa Nayuchi pamalire, apa Cuamba, apa Malema. Pakati pa malo awiri anabaya timadontho. "Apa sitima siinkathamanga, mayi. Ife patsogolo wapansi, maso panthaka, kuopa mabomba okwirira. Sitima pambuyo, ngati ng'ombe yotsatira mbusa." Anandiuza za madzi akumwa, za malungo, za kalata yomwe inawapeza patatha miyezi mwana wawo woyamba atabadwa. Nditafunsa za anzawo amene sanabwereko, anafufuta njanji ija ndi phazi.

"Zina sindinganene. Tinalumbira."

Anangowonjezera kuti mu Disembala 1993, pa Operation Bwezani, pamene asilikali ankalanda zida a Payoniya, analinso mumzinda womwe uno, ndipo analoza ndi kamtengo kaja chakumene kunkamveka mfuti. Kenaka anati, mosadandaula n'komwe, ngati akunena za mtengo wa feteleza: "Zaka zonsezi, inu ndinu woyamba kundifunsa."

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ine wa ku Dedza, ndakulira m'mphepete mwa msewu umene kuchokera kwathu kupita ku Ntcheu umayenda m'malire enieni, mbali inayo kukuoneka mabwinja a sitolo zomwe zinaphwasuka pa nkhondo ya ku Mozambique yomweyi. Othawa nkhondo oposa 1 miliyoni anakhala m'dziko muno mpaka mtendere utasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992. Amayi anga ankasinthanitsa nawo masamba ndi nyemba zomwe iwo ankalandira. Zonsezi ndinkaziona ngati nkhani za pakhomo, osati mbiri, chifukwa mbiri m'mutu mwanga inali ya kutsidya kwa nyanja, yokhala ndi mendulo. Chonsecho a ku Burma atsala owerengeka, ndipo amene alipo akuyandikira kapena apitirira zaka 100, pamene a ku Nacala akupalasa njinga mu Lilongwe muno, nzeru zili zonse.

Madzulo ndinawaimbira bambo a ku Area 47 aja. Anangoti, "Eyaa, tsopano mwayamba kulankhula." Koma anandichenjeza kuti ndisathamangire kutsegula rekoda. Kafukufuku wofunsa anthu amayenera kuvomerezedwa kaye ndi komiti yoona za kafukufuku, ya kuyunivesite kapena ya pansi pa National Commission for Science and Technology, ndipo pa nkhani yokhudza asilikali ndi bwino kugogoda kwa eni ake ndi ku bungwe la asilikali opuma la VELOM. Munthu amene analumbira usamuike m'mavuto chifukwa cha digiri yako. Anatinso ndiyambe kuphunzira Chipwitikizi, poti theka la nkhaniyi lili ku Nampula ndi ku Maputo, ndipo wopempha ndalama amene amatha Chichewa ndi Chipwitikizi sapezekapezeka.

Lolemba chidindo chinabwera, ntchito yake siinathe ndi mphindi ziwiri zomwe. Ndinakwera minibasi ya masana, mpando wakumbuyo, kope pamaondo. Pofika pa Nathenje ndinali nditalemba ndi kufufuta chiganizo choyamba kanayi, zilembo zikupindika ndi mabampu. Bambo a njinga aja anandiuza kuti mapepala akatheka ndikawapeze kunyumba Loweruka lililonse, adzaitananso anzawo awiri, koma ndisadzaiwale shuga chifukwa nkhani yake ndi yaitali. Nditafika kunyumba ndinabwezera mendulo m'chitini chake, n'kuwapeza amayi akusenda kachewere kukhitchini. Ndinakoka mpando, n'kuwafunsa dzina la mayi wa ku Angonia uja amene ankagona m'khitchini mwathu ine ndisanabadwe.