Kamawu ka foot kandizunguza mutu sabata ino

Anzanga amene mukulimbana ndi Chingerezi ngati ine, sabata ino ndakhala pa mawu aja timawapeputsa poti tinawaphunzira ku pulayimale, ndiye ndafika pa foot. Aliyense amadziwa kuti ndi phazi, akakhala awiri ndi feet, ngati mmene tooth imasandukira teeth, goose nkukhala geese. Koma kutsegula dikishonale mupeza kuti kamawu kakafupi chonchi kali ndi matanthauzo mbwee.

Poyamba pomwe ife timasokoneza leg ndi foot, ndipo chifukwa chake nchodziwika, kwathu munthu akabayidwa ndi minga kuphazi amatha kungoti mwendo ukundipweteka ndipo palibe amadabwa. M'Chingerezi foot imayambira pa kakolo kutsika mmunsi basi, kwinako ndi leg.

Pamene ndinakhalitsa ndi pa muyeso. Foot imodzi ndi mainchesi 12, kapena masentimita 30.48 ndendende, mayiko anagwirizana choncho mu 1959, ndipo ma feet atatu amapanga yard imodzi. Ife kusukulu timaphunzira mamita koma pitani ku hadiweya mukagule malata, akufunsani kuti mukufuna a 10 fiti kapena a 12 fiti, akalipentala nawonso matabwa amawerenga mafiti omwewo. Oyendetsa ndege akamanena kutalika kwa pomwe akuuluka amatchulanso ma feet, moti Sapitwa wathu uja wa mamita 3,002 kwa iwo ndi pafupifupi 9,850 feet.

Tsono galamala yake ndiye yonyenga. Mumati the sheet is ten feet long, koma mukaika nambalayo kutsogolo kwa chinthucho zimakhala a ten-foot sheet, osati ten-feet ayi, ngakhale mafitiwo ndi khumi. Lamulo lake ndi lomwe lija la a five-year plan, s amachoka. Ndiye pa msinkhu wa munthu amaloleza zonse ziwiri, he is six feet tall komanso he is six foot two, eti zonse nzolondola. Apa ndinangoti chabwino eni chilankhulo mwatero.

Za mawu ofanana nawo ndiye ndikuchenjezeni, musamangotola pa mndandanda nkuika mu kompozishoni. Amalemba kuti base ndi bottom ndi anzake a foot, zoona, koma ndi pokhapo pamene foot ikutanthauza kumunsi kwa chinthu. The foot of the mountain ndi m'tsinde mwa phiri, the foot of the bed ndi kumiyendo kwa bedi, the foot of the page ndi mmunsi mwa tsamba ndipo nkomwe kunachokera footnote. Koma pansi pa nyanja kapena pa ndowa ndi bottom basi, mukati foot of the lake sizitanthauza pansi pake. Kwa nyama nakonso kuli mawu ake, galu ndi mphaka ali ndi paws, ng'ombe ndi mbuzi zili ndi hooves zomwe ndi ziboda, chikhalirecho matenda a ng'ombe aja amavuta ku Chikwawa ndi Nsanje dzina lake ndi foot-and-mouth disease, ndipo zipalapasiro timagula pa chiwaya zija ndi chicken feet. Ndiye simungalowe m'kichini nkumati chicken paws poganiza kuti mwakometsa, ngakhale amalonda ena otumiza nkhuku kunja amazitchula choncho.

Kuyenda wapansi ndi on foot. Ambiri timati by foot potengera by bus ndi by car, imamveka ndithu ndipo ena amanena, koma pa mayeso lembani on foot musadzipute nawo aphunzitsi.

Foot imakhalanso mneni. Foot the bill ndi kulipira, makamaka ndalama zambiri kapena zimene wadya ndi wina, ngati amalume amene maliro ndi ukwati zonse zimagwera iwo. Get cold feet sikuzizidwa mapazi mu Juni, ndi kuchita mantha nthawi itakwana kale, ngati mkwati amene wayamba kukayika chinkhoswe chitachitika.

Ziwiri zotsatirazi ndiye zimafanana moopsa. Put your foot down ndi kukanitsitsa, kholo kunena kuti pano sizitheka, ndipo ku Britain amanenanso akamauza dalaivala kuti aponde moto. Put your foot in it ndi kulankhula zochititsa manyazi mosadziwa, monga kufunsa mayi kuti abambo ali bwanji pomwe banja linatha chaka chatha. Anthu a ku America iwo amati put your foot in your mouth.

Yatsala ndi foot ya mu ndakatulo, kagulu ka masilabulo kamene amawerengera kayendedwe ka mzere, monga iamb amene silabulo yoyamba imakhala yopepuka yachiwiri yolemera. Imeneyo ndiyamba Lolemba ndikabwereka buku la litilecha.