Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Monita yosatchula dzina lake

M'gawo lapitalo tinalekezera pamene ndinasiya ntchito yolembedwa n'kuyamba kusungira anthu mabuku a ndalama ndili kunyumba. Chida changa chachikulu pantchitoyi chinali kompyuta yapatebulo imene alamu anga, amuna awo a achemwali anga aakulu, anandilumikizira pamodzi ndi mamonita awiri osafanana n'komwe. Monita ya kumanzere inali yatsopanoko, ya timadontho 1920 x 1080 (m'mbali ndi m'mwamba), yolumikizidwa ndi chingwe cha HDMI. Ya kumanja inali nkhalamba ya mainchesi 19, ya 1440 x 900, ndipo inali ndi polowera pamodzi pokha, pa VGA, chingwe chija cha mitu yabuluu chimene umachita kumanga ndi tizitsulo tiwiri tam'mbali.

Amene sanagwirepo ntchito ya manambala amaona ngati mamonita awiri n'kudzionetsera. Ine kumanja ndinkatsegula zithunzi za malisiti, kumanzere Excel, maso n'kumangoyenda uku ndi uku zala zili pa kiyibodi. Ukakhala ndi sikirini imodzi umatsegula lisiti, kuloweza nambala pamtima, kutseka, kulemba, n'kubwereranso kukatsimikiza ngati inali 6 kapena 8. Zolakwika zambiri za m'mabuku zimabadwira pamenepo.

Kompyutayo inkayendera Windows 10 ndipo sinkandivutitsa. Koma zinali zitalengezedwa kuti pa 14 Okutobala 2025 Windows 10 isiya kulandira ma update aulere achitetezo, ndipo munthu wosunga zinsinsi za ndalama za eni ake sangamachite zamwayi ndi zimenezo. Kompyuta yanga inkakwanitsa zofunika pa Windows 11, choncho madzulo ena ndinakopera mafayilo onse pa hard drive yapadera, ndinadina batani losamukira ku Windows 11, n'kukagona.

M'mawa mwake ndinapeza mafayilo onse ali bwinobwino, koma zooneka pa sikirini zinali zina. Mamonita onse awiri ankaonetsa chinthu chimodzimodzi. Zilembo zinali zitafufuma, zikuluzikulu koma zosawerengeka bwino, m'mphepete mwake muli mbuu. Chizindikiro cha kampani ya kasitomala wanga wina, chimene ndi chozungulira, chinali chitatambasuka m'mbali. Mu Excel, momwe ndinkaona mizati yambirimbiri nthawi imodzi, munkangokwana yochepa chabe. Mwezi unali kumapeto, nthawi imene aliyense amafuna malipoti ake dzulo.

Choyamba chimene ndinayesa ndi batani la Windows pamodzi ndi P. Pamatuluka zosankha zinayi: PC screen only, Duplicate, Extend ndi Second screen only. Ambiri vuto lawo limathera pomwepa, chifukwa ikakhala pa Duplicate kompyuta imakakamizika kusankha resolution imodzi (chiwerengero cha timadontho ta chithunzi) imene mamonita onse angaikwanitse, ndiye yabwinoyo imatsitsidwa kuti ifanane ndi inzake. Ndinasankha Extend. Palibe chinasintha. Mu Settings, pansi pa System kenako Display, munkaoneka bokosi limodzi lokha, ndipo resolution inali pa 1024 x 768 osalola kusinthidwa. Ndinayesanso Windows, Ctrl, Shift ndi B nthawi imodzi, njira yodzutsira driver ya zithunzi (pulogalamu yoyendetsa khadi yotumiza zithunzi ku monita) osazimitsa kompyuta. Inalira kamodzi, sikirini inaphethira, basi.

Yankho la mbali yoyamba ya vutoli linali mu Device Manager, mndandanda wa zipangizo zonse za pa kompyuta. Pansi pa Display adapters sipanalembedwe dzina la khadi yanga ya zithunzi, panalembedwa Microsoft Basic Display Adapter. Imeneyi ndi driver yongogwirizira, imene Windows imagwiritsa ntchito pamene driver yeniyeni palibe kapena sinagwire, kuti munthu usakhale mumdima. Ntchito yake ndi yokuonetsa chithunzi basi, za mamonita awiri si zake. Batani la Roll Back Driver, lobwezeretsa driver yakale, linali lotuwa losadinika. Ndinawerenga nambala ya mtundu wa kompyuta pa kapepala komatidwa kumbuyo kwake, ndinapita pa webusaiti ya amene anaipanga, ndinatsitsa driver ya zithunzi ya Windows 11, ndinaiika n'kuyatsanso.

Monita ya kumanzere inabwerera mwakale pompo, 1920 x 1080, zilembo zakuthwa. Mabokosi mu Settings anakhala awiri, Extend inagwira. Ndinapuma. Kenako ndinacheukira kumanja n'kupeza nkhalamba ija ikadali pa 1024 x 768.

Apa mpamene panandidyera nthawi. Pamndandanda wa ma resolution a monita yachiwiri panali 800 x 600, 1024 x 768 ndi ena angapo, koma 1440 x 900 panalibe. Ndinalowa mkati kwambiri, ku Advanced display, kenako Display adapter properties, kenako List All Modes, kumene kumatuluka zonse zimene khadi ikuvomera kutumiza ku monita imeneyo. Kunalibenso. Ndipo musaganize kuti ukhoza kungosankha ina yoyandikira n'kupitiriza ntchito. Sikirini ya LCD ili ndi timadontho towerengeka tosasuntha. Ya 1440 x 900 ili ndi timadontho 1,296,000, pamene chithunzi cha 1024 x 768 chili ndi 786,432. Monita imayenera kuchikoka chithunzicho kuti chidzaze malo, ndipo poti chimodzi ndi cha 4:3 china cha 16:10, chimakokedwa kwambiri m'mbali kusiyana ndi m'mwamba. N'chifukwa chake zozungulira zimaphwatalala. Pa lisiti lofufutika kale, kukokedwa kotereku kumasandutsa 3 kukhala 8.

Ndinenepo pang'ono za Scale, chifukwa anthu amaisokoneza ndi resolution. Scale ndi ija ya 100%, 125% kapena 150%, ndipo imangokulitsa zilembo ndi mabatani popanda kuchepetsa timadontho. Ngati zinthu zakula koma zikuoneka zakuthwa, yang'anani Scale. Ngati zakula n'kuchita mbuu, ndi resolution. Zanga zinali za mbuu.

Pa intaneti malangizo anali mbwee. Ena ankati ndifufute zinthu mu registry, pamalo pamene Windows imasunga chikumbukiro cha mamonita amene inalumikizidwapo. Ena ankati ndichotse Windows yonse ndiyambirenso. Anthu olangiza motere ndimawaona ngati alibe makasitomala owadikira. Njira yomwe inandikopa kwenikweni inali yobwerera ku Windows 10, poti ukangosamuka kumene umapatsidwa masiku 10 oti ukhoza kubwerera kudzera ku Recovery. Chala chinafika pa batanilo. Ndinaganiza zoyamba ndaimbira alamu.

"Alamu, kompyuta yanu ija yandiukira," ndinatero.

"Yanga liti, alamu? Ikamayenda bwino ndi yanu, ikavuta ndi yanga?" Anaseka, kenako anandiuza kuti ndibwerere mu Device Manager, koma ulendo uno ndisayang'ane pa Display adapters. "Tsikani m'munsi, pa Monitors. Mundiwerengere zimene zalembedwa."

Panali mizere iwiri. Woyamba unali ndi dzina ndi nambala ya monita ya kumanzere. Wachiwiri unangoti Generic Non-PnP Monitor.

Alamu anakhala chete pang'ono. "Ndiye kuti monitayo sikudzitchula dzina," anatero. Zimene anandifotokozera ndinadzaziwerenganso pambuyo pake, ndipo zili chonchi. Monita iliyonse yamakono ili ndi kachikumbukiro kakang'ono mkati mwake momwe munalembedwa dzina la wopanga, mtundu wake, kukula kwa sikirini, ma resolution amene imakwanitsa ndiponso imene imaikonda koposa. Uthengawu umatchedwa EDID, ndipo muyezo wake unakhazikitsidwa ndi bungwe la VESA m'ma 1990. Gawo lake loyambirira ndi ma byte 128 okha. Ukangolumikiza chingwe, kompyuta imafunsa, monita imayankha. Yankho likapanda kufika, kompyuta imachita ngati telala amene sanamuyeze mwini malaya: imasoka saizi yoti aliyense akhoza kulowamo, ndiyo 1024 x 768 ija.

"Zimitsani zonse, mumasule chingwe chabuluucho mbali zonse ziwiri, muunikemo ndi tochi ya foni," anatero alamu.

Mutu wa VGA uli ndi malo a mapini 15, m'mizere itatu ya asanuasanu. IBM inautulutsa mu 1987, EDID isanabwere, ndipo pamene njira yofunsana mayinayi inkawonjezeredwa anagwiritsa ntchito mapini a mzere wam'munsi: nambala 12 imanyamula uthengawo, nambala 15 imasunga kugunda kwa nthawi yake. Chithunzi chenicheni, chofiira, chobiriwira ndi chabuluu, chimadutsa pa mapini 1, 2 ndi 3 a mzere wam'mwamba. Choncho chingwe chikhoza kuonetsa chithunzi bwinobwino chili chogontha pa nkhani ya dzina.

Mutu wa kumbali ya kompyuta unali bwino, kupatula mpata umodzi pamzere wapakati. Ndinakuwa kuti ndapeza, koma alamu anati ayi, imeneyo ndi nambala 9, zingwe zambiri zimabwera zilibe. Ndinatembenukira ku mutu wa kumbali ya monita. Pamzere wam'munsi, kapini kachiwiri sikanaime ngati anzake. Kanali katapindika n'kugona pansi, nsonga yake itatsamira chitsulo cha m'mphepete, ndipo pokhotapo panali fumbi lakalekale lomatirira. Sikanapindike dzulo kapena dzana.

Nditawauza, alamu anati, "Aa, ndakumbuka tsopano." Tsiku limene ankandilumikizira kompyutayo, monita ya kumanja inakananso chimodzimodzi. Iwo, poti anali pachangu, analowa mu pulogalamu ya khadi ya zithunzi, pamalo pa custom resolution, n'kulemba pamanja 1440, 900 ndi 60 Hz. Inagwira, ndipo nkhani inathera pomwepo. Manambala olemba pamanja otere amasungidwa pamodzi ndi driver. Driver yakale itachoka, anapita nayo limodzi.

Ndiye kuti update ija sinathyole kanthu pa monita ya kumanja. Zaka zonsezo kompyuta inkatumiza chithunzi ku monita imene sinkaidziwa, motsatira mawu a alamu basi. Ndikanabwerera ku Windows 10, n'kutheka kuti zonse zikanaoneka bwino, ine n'kumauza aliyense kuti Windows 11 imadana ndi mamonita akale, kapini kali chigonere.

Panali njira ziwiri: kulembanso manambala pamanja, kapena kusintha chingwe. Ndinakana yoyambayo, chifukwa update ina ikadzabwera tidzakhalanso pomwepa. Zowongola kapiniko ndi singano alamu anandiletsa, amati timathyoka msanga ndipo kachidutswa kakatsalira m'bowo la monita ndiye kuti mwawonjeza vuto. Madzulo ake anatumiza mwana wawo wamkulu ndi chingwe china chochokera m'katoni yawo ya zingwe zakale.

"Anti, adadi akuti muwerenge kaye mapini musanalumikize," anatero mwanayo akundipatsira.

Ndinawerenga, onse anali chilili. Ndinalumikiza, osamangitsa kwambiri tizitsulo tija, n'kuyatsa. Pansi pa Monitors panatuluka dzina la monitayo, limene ndinali ndisanalionepo pa kompyuta imeneyi, ndipo 1440 x 900 inabwera yokha, pambali pake palembedwa Recommended.

Zotsala zinali zing'onozing'ono. Poti tsopano monitayo inali ndi dzina, Windows inaitenga ngati yachilendo n'kuiika kumanzere kwa inzake, moti mausi inkatulukira mbali yolakwika. Ndinadina Identify, manambala 1 ndi 2 anaoneka pa masikirini, ndinakoka bokosi lachiwiri kulipititsa kumanja, n'kulitsitsa pang'ono kuti m'munsi mwa mabokosiwo mufanane, chifukwa mamonita osiyana msinkhu amakola mausi pakona ngati sunawayalanitse. Chithunzi chinalinso chitasunthira pang'ono kumbali, mzere wakuda utatsala m'mphepete. VGA imatumiza chithunzi mwa analogi, ndiye monita imachita kuyerekeza poyambira mzere uliwonse. Batani lolembedwa Auto pansi pa sikirini linakonza zimenezo m'kanthawi kochepa.

Malipoti a mwezi umenewo anapita mochedwerako, ndipo kasitomala mmodzi sanasangalale nazo. Ameneyo ndi amene anadzandibweretsera ntchito yaikulu kuposa zonse zimene ndinali nditagwirapo, ndi mavuto akenso, koma imeneyo ndi nkhani ya gawo lotsatira.