Kuphunzitsa kompyuta kulemba ngati ine

Mwezi uno pa kosi yanga ya graphic design, yomwe ndimapanga madzulo ku Braamfontein, mumzinda wa Johannesburg, ndikaweruka kuntchito, tinali pa mutu wa mafonti, omwe ndi masitayilo a zilembo za pa kompyuta. Anatiuza kuti aliyense asandutse kalembedwe ka dzanja lake kukhala fonti, kenako atenge chikalata chotayipa n'kuchionetsa ngati chalembedwa ndi bolopeni.

Chiyambi chake n'chosavuta. Pa webusaiti ya Calligraphr umatenga pepala la timabokosi, kabokosi kalikonse chilembo chake. Umalipulinta, n'kudzaza timabokosito ndi cholembera chakuda, n'kulijambula ndi foni, ndipo umalandira fayilo ya fonti, yotchedwa TTF, yoti uzigwiritsa ntchito mu Word. Akaunti yaulere imalola zilembo ndi zizindikiro zosapitirira 75, choncho umasankha mwanzeru. Ine ndinaonetsetsa kuti ŵ wa Malaŵi walowa, komanso kachizindikiro ka pa ng'ombe ndi m'nyumba, apo ayi Chichewa chako chimatuluka cha mano ogweruka.

Tsamba loyamba litatuluka, zilembo zinali zangadi, koma munthu wolembayo sindinamudziwe. Ndinatayipa kuti "ana anga akadali kwa agogo" ndipo ma a onse anafanana ndendende, kamchira kamodzimodzi, kupendekeka kumodzimodzi. Chichewa chili ndi ma a ochuluka moti chinyengocho chimaonekera pamzere woyamba. Mankhwala ake n'kulemba chilembo chilichonse kangapo kuti pulogalamu izisinthasintha. Komabe sizikwana. Munthu akamalemba, mzere umatsetsereka pang'ono. Akamayandikira kumapeto kwa pepala amapanikiza mawu kuti akwane. Inki imada pomwe watsindika, n'kufooka pomwe wathamanga. Ndipo amene anakoperapo manotsi a pa bolodi ku Sitandade 8 akudziwa kuti pamwamba pa tsamba timalemba mwaulemu, pansi dzanja litatopa ndi zokhwatchakhwatcha. Usiku wonse ndinkalimbana n'kubwezera zolakwika zimenezi m'tsamba, zomwe aphunzitsi athu a kupulayimale ankatikwapulira.

Mapulogalamu ena sagwiritsa ntchito fonti n'komwe. Mu 2013 katswiri wa makompyuta Alex Graves, ali ku yunivesite ya Toronto, anaonetsa kuti kompyuta ingaphunzire mayendedwe a cholembera kuchokera kwa anthu ambiri, n'kumalosera pomwe nsonga ipite kenako. Motero simata zilembo zokonzeratu, imachita kulemba, ndipo liwu limodzi silituluka mofanana kawiri. Mukalumikiza zimenezi ndi makina ngati AxiDraw, omwe amagwira bolopeni yeniyeni, ngakhale kukanda kwa nsonga papepala kumakhalapo.

Mnyamata wina yemwe timakhala naye pa yadi ku Turffontein anaona tsamba langa lomaliza n'kulitembenuza kuti aone ngati inki yadutsa kuseri. Iye akuphunzira za magetsi, ndipo aphunzitsi ake amafuna kuti masamu azilembedwa pamanja, n'kujambulidwa kukhala PDF. "Achimwene, mundipangireko yanga, dzanja likuwawa," anatero. Ndinamumvetsa. Munthu wachoka m'mamawa, wagwira ntchito tsiku lonse, wabwera pa takisi mdima utagwa, ndiye akhale pansi kulemba masamba asanu.

Koma sindinamupangire. Mphunzitsi akamati lembani pamanja sakufuna kuona kukongola kwa zilembo, akufuna kutsimikiza kuti ntchitoyo yadutsa m'mutu mwako. Mu 2014 ofufuza awiri, Pam Mueller ndi Daniel Oppenheimer, anapeza kuti ophunzira olemba manotsi pa laputopu ankangokopera mawu a mphunzitsi momwe alili, pomwe a bolopeni ankakakamizika kufupikitsa m'mawu awoawo, n'kuyankha bwino mafunso ofuna kumvetsa. Ena atabwereza kafukufukuyu zotsatira sizinafanane kwenikweni, choncho sindimutenga ngati lamulo. Chomwe ndaona ndekha n'chakuti tsamba lomwe fonti yanga inalemba sindikumbukamo kanthu, pomwe manotsi a m'kope langa, oipa momwe alilimo, ndikhoza kukuuzani kuti mfundo yakuti ili kumanzere, pansi pa dontho la tiyi.

Fontiyo yapeza ntchito ina. Amayi ena a kumpingo akukonza chinkhoswe cha mwana wawo ndipo akufuna makadi ooneka ngati olembedwa pamanja, dzina la mlendo aliyense palokha. Chatsala n'kukonza mipata, chifukwa m ndi b akakumana mu "bambo" akugundana, ndipo ng' akutalikirana ndi mnzake ngati mawu awiri.